Mafunso ndi Mayankho Okhudza Makalasi a Atengambali m'Masewera a Nthano Apatebulo

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri akayamba kusewera masewera a nthano apatebulo, makamaka Dungeons & Dragons. Malamulo amene ndikutchula ndi a m'buku la osewera la chaka cha 2014, ndipo pamene ndikunena za malamulo akale kapena a chaka cha 2024, ndalemba chakacho. Mayina a makalasi ndawasiya monga momwe alili m'mabuku, chifukwa ndi amene mudzawamve patebulo.

Kodi masewerawa ndi otani, nanga kalasi n'chiyani?

Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo ali ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mmodzi wa iwo, amene amatchedwa Dungeon Master, ndiye mtsogoleri: amafotokoza dziko la m'nthanomo, adani ake ndi zonse zimene zikuchitika. Ena onse aliyense amakhala ndi mtengambali wake mmodzi, ndipo amanena zimene mtengambaliyo akufuna kuchita. Zochitazo zikakhala zoti zikhoza kulephereka, wosewera amaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonjezerapo manambala olembedwa papepala lake, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimagamula.

Kalasi, ngakhale dzinali likufanana ndi la kusukulu, ndi ntchito kapena luso limene mtengambali amadziwika nalo. Ndi imene imanena zida zimene akhoza kugwira, matsenga amene akhoza kuchita ndi kuchuluka kwa mabala amene angapirire asanagwe. Mtengambali amakula kuchokera pa levulo 1 kufika pa levulo 20, ndipo akamakwera, kalasi yake imamupatsa luso latsopano. Kalasi ndi yosiyana ndi mtundu umene mtengambali anabadwiramo, kaya ndi munthu kapena mitundu ya m'nthano monga Elf ndi Dwarf, ngakhale kuti m'malamulo osavuta a chaka cha 1981 mitundu ina inkawerengedwa ngati makalasi.

Kodi makalasi alipo angati, ndipo anachokera kuti?

Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ku United States, makalasi analipo atatu okha: Fighting-Man, Magic-User ndi Cleric, kutanthauza wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Mu 1975 kabuku kowonjezera ka Greyhawk kanabweretsa Thief (wakuba) ndi Paladin, ndipo chaka chomwecho kabuku ka Blackmoor kanabweretsa Monk ndi Assassin. Druid inaperekedwa kwa osewera mu 1976. Ranger ndi Bard zinayambira m'magazini ya kampaniyo, zitalembedwa ndi osewera wamba, zomwe zikusonyeza kuti makalasi ambiri anabadwa chifukwa chakuti munthu wina patebulo ankafuna kukhala mtengambali amene malamulo analibe.

Kampani ya Wizards of the Coast itagula TSR mu 1997, inatulutsa malamulo atsopano mu 2000, momwe munalowa Sorcerer, ndipo Thief inasinthidwa dzina n'kukhala Rogue. Warlock inabwera mu 2004. Buku la 2014 lili ndi makalasi 12: Barbarian, Bard, Cleric, Druid, Fighter, Monk, Paladin, Ranger, Rogue, Sorcerer, Warlock ndi Wizard. Ya nambala 13 ndi Artificer, mmisiri wopanga zipangizo zamatsenga, yochokera ku dziko la m'nthano la Eberron, imene inalowa m'malamulo amenewa mu 2019.

Ndi kalasi iti imene anthu ambiri amaikonda?

Ambiri amayembekezera kumva kuti ndi Wizard, koma yankho ndi Fighter, wankhondo. Mu 2017 tsamba la pa intaneti lounika ziwerengero la FiveThirtyEight linaunika atengambali amene osewera anapanga pa D&D Beyond, tsamba lopangirapo atengambali a masewerawa, ndipo linapeza kuti Fighter ndi imene inali patsogolo, komanso kuti mtengambali wofala kwambiri anali munthu wamba wa kalasi imeneyi, wopanda nyanga kapena makutu osongoka.

Pali ena amene amanyoza zimenezi ponena kuti anthu amasankha Fighter chifukwa cha ulesi wowerenga malamulo. Ine sindigwirizana nawo. Fighter ndi kalasi imene simuuza wosewera kuti mtengambali wake akhale munthu wotani. Paladin ali ndi lumbiro, Warlock ali ndi mbuye amene anapangana naye, Druid ali ndi nkhalango yake, pamene Fighter akhoza kukhala msilikali wopuma pantchito, mlonda wa pachipata, mwana wa mlimi amene anatola lupanga la malemu bambo ake, kapena mfumukazi yothamangitsidwa kwawo. Malamulo ake ndi ochepa koma si ofooka. Pa levulo 2 amapeza luso lochita zinthu kawiri panthawi imene ena amachita kamodzi, pa levulo 5 amamenya kawiri nthawi iliyonse ikafika yake, pa levulo 11 katatu, ndipo pa levulo 20 kanayi. Palibe kalasi ina m'bukulo imene imafika pamenepo ndi chida chamanja. Wofuna zovuta pang'ono amasankha nthambi ya m'kalasi imeneyi yotchedwa Battle Master, imene imamulola kugwetsa mdani, kumulanda chida kapena kuuza mnzake pomenya.

Ndangoyamba kumene. Ndisankhe kalasi iti?

Dzifunseni chimene mukufuna kumachita nthawi yanu ikakwana, chifukwa kalasi yokondedwa ndi imene imayankha funso limenelo. Ngati mukufuna kuima kutsogolo n'kumatchinjiriza anzanu, sankhani Fighter kapena Barbarian. Barbarian ndiye wolimba kuposa onse: mapointi ake a moyo amawerengedwa ndi dayisi ya mbali 12, ndipo akapsa mtima, mabala a lupanga, mkondo ndi chibonga amangomupweteka theka. Ngati mumakonda kufufuza, kuzemba ndi kupeza njira imene ena sanaione, sankhani Rogue. Ngati mtima wanu uli pa matsenga, musalole kuti wina akuletseni ponena kuti n'zovuta. Werengani funso lotsatira, kenako mupemphe wosewera wozolowera kuti akuthandizeni kusankha matsenga oyamba.

Malamulo oyambira amene Wizards of the Coast inapereka kwaulere pa intaneti mu 2014 ali ndi makalasi anayi, Cleric, Fighter, Rogue ndi Wizard, ndipo ndi okwanira kusewera nawo miyezi yambiri musanagule buku.

Wizard, Sorcerer ndi Warlock onse ndi amatsenga. Amasiyana pati?

Amasiyana pa gwero la mphamvu zawo, ndipo malamulo amatsatira kusiyanako. Wizard anachita kuphunzira. Amayenda ndi buku lake la matsenga, limene poyamba limakhala ndi matsenga 6, amawonjezamo awiri akakwera levulo, ndipo akhoza kukopera ena amene wawapeza m'mipukutu. M'mawa uliwonse amasankha amene awagwiritse ntchito tsikulo, mwambo umene olemba masewerawa anautengera ku nthano za mlembi Jack Vance. Nzeru zake n'zambiri koma thupi lake ndi lofooka: dayisi yake ya moyo ndi ya mbali 6, ndipo m'malamulo a 1978 inali ya mbali 4, moti Magic-User (dzina lakale la Wizard) wongoyamba ankakhala ndi tsenga limodzi lokha patsiku, akaligwiritsa ntchito n'kumabisala kumbuyo kwa anzake. Amene amakonda Wizard ndi anthu okonda kukonzekera, ndipo ambiri amadikira mwachidwi levulo 5 pamene amalandira Fireball, mpira wamoto umene umafuna kuponya madayisi 8 a mbali 6 nthawi imodzi.

Sorcerer anabadwa nazo mphamvuzo, mwina chifukwa m'magazi mwake muli za chinjoka. Amadziwa matsenga ochepa, koma amatha kuwapotoza, monga kuchita tsenga popanda kutulutsa mawu kapena kugunda nalo adani awiri. Warlock anachita pangano ndi chamoyo china champhamvu. Ali ndi mipata yochepa kwambiri yochitira matsenga, koma imabwerera akangopuma ola limodzi, pamene anzakewo amadikira kugona maola 8. Chimene chimakopa anthu pa Warlock ndi mbuye wakeyo, chifukwa walira mvula walira matope: tsiku lina mbuye amafuna malipiro ake, ndipo mtsogoleri wanzeru amapangira nkhani yonse pangongole imeneyo.

Kodi kusewera ngati wamatsenga si kulowa m'zaufiti?

Funsoli ndi loyenera kulilemekeza, makamaka pakati pathu pamene mawu akuti ufiti si nkhani yocheza. N'chifukwa chake m'mayankho onsewa sindinamasulire Wizard kapena Warlock kuti mfiti, popeza mawuwa ali ndi katundu amene atengambaliwa sasenza. Patebulo sipachitika mwambo uliwonse. Wosewera amangotchula dzina la tsenga, n'kuponya dayisi, ndipo mtsogoleri amachotsera manambala papepala, monga momwe wosewera sewero pasiteji sakhala mfumu chifukwa wavala chisoti.

Nkhawa yofananayo inabuka ku United States m'zaka za m'ma 1980, pamene magulu ena a makolo ndi a mipingo ankanena kuti masewerawa akusocheretsa ana. Poyankha, TSR inachotsa mayina a ziwanda ndi asatana m'malamulo a 1989, komanso kalasi ya Assassin inasiyidwa m'buku la osewera. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kukhala Warlock, musadzikakamize, ndipo anzanu asakukakamizeni. Makalasi ena alipo ambiri, komanso gulu likhoza kugwirizana lisanayambe kusewera kuti zinthu zina zisapezeke m'nthano yawo.

Kodi ntchito ya Cleric ndi kuchiritsa anzake basi?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi amene achititsa kuti patebulo zambiri Cleric izikhala kalasi yotsalira munthu amene wabwera mochedwa. Ine iyi ndi kalasi imene ndimaikonda kuposa zonse, choncho mundilole ndikhalepo pang'ono.

Cleric anayambira patebulo la Dave Arneson ngati munthu wolimbana ndi mzukwa woyamwa magazi, ndipo mpaka lero ali ndi mphamvu yothamangitsa akufa oyenda pongokweza chizindikiro cha chikhulupiriro chake. Amavala zovala zankhondo, amagwira chishango, ndipo m'malamulo akale sankaloledwa zida zakuthwa, choncho ankayenda ndi chibonga. Amasankha matsenga a tsikulo kuchokera pa mndandanda wonse wa kalasi yake, osati m'buku limene likhoza kubedwa kapena kupsa. Buku la 2014 limamupatsa nthambi 7 zoti asankhepo malinga ndi mulungu wa m'nthano amene amamutumikira: moyo, kuwala, nkhondo, namondwe, nzeru, chilengedwe ndi chinyengo. Cleric wa namondwe amagwetsa mphezi, ndipo wa nkhondo amaima pamzere wakutsogolo limodzi ndi Fighter.

Ngakhale pa kuchiritsa komweko, luso lake lili podziwa nthawi. M'malamulo amenewa mtengambali amene watsala ndi pointi imodzi ya moyo amamenya ndi mphamvu zofanana ndi amene sanavulale, choncho kuchiritsa munthu amene akadali chiimire nthawi zambiri kumakhala kutaya mpata. Ndinaona zimenezi patebulo lina pamene mtsikana amene ankasewera kachitatu kokha anali ndi Cleric wotsala ndi mpata umodzi wa tsenga. Gulu lawo linapanikizidwa pamlatho wopapatiza, ndipo mnyamata wa Fighter ankamuchonderera kuti amuchiritse. Iye anagwira pensulo yake, n'kuyang'ana papepala kwa kanthawi, kenako anati, "Pirirani kaye, achimwene, mukagwa ndikudzutsani." Fighter atagwadi, mtsikanayo anagwiritsa ntchito Healing Word, tsenga laling'ono limene limafika mtunda wa mamita pafupifupi 18 ndipo limasiyira Cleric mpata womenyanso nthawi yomweyo. Fighter anadzuka nthawi yake isanadutse, ndipo mlathowo anausunga. Amene amakonda Cleric ndi munthu wotere, amene maso ake amakhala pa gulu lonse pamene ena akuyang'ana mdani yekha.

N'chifukwa chiyani Rogue amakondedwa chonchi, koma n'kumayambitsanso mikangano?

Amakondedwa chifukwa amakhala ndi chochita ngakhale pamene palibe nkhondo: kutsegula maloko, kuchotsa misampha, kuzonda, kunamiza alonda. Maluso ena amawadziwa mowirikiza kuposa anzake ambiri. Pankhondo amamenya kamodzi koma pamalo oyenera, ndipo luso lake la Sneak Attack limayamba ndi dayisi imodzi ya mbali 6 n'kufika madayisi 10 pa levulo 19. Chofunika kudziwa n'chakuti sikofunika kuti achite kubisala. Mnzake akangoima pafupi ndi mdaniyo, lusolo limagwira ntchito.

Mikangano imabwera wosewera akaganiza kuti popeza mtengambali wake ndi kathyali, ali ndi ufulu wobera anzake a m'gulu kapena kubisa chuma chimene apeza limodzi. Akadzudzulidwa amati ndi mmene mtengambali wake alili, kuiwala kuti amene anamupanga choncho ndi iye mwini. Ndi bwino kugwirizana pa tsiku loyamba kuti manja a Rogue azilowa m'matumba a adani okha.

Nanga Paladin ndi wouma mtima monga momwe anthu amanenera?

Mbiri imeneyi ndi yochokera ku malamulo akale. Mu 1978 Paladin ankayenera kukhala munthu, wa khalidwe lotsata lamulo ndi chilungamo, wokhala ndi nambala 17 kapena kuposerapo pa luso lokopa anthu. Ankapereka chakhumi cha zonse zimene wapeza, ndipo akachita choipa mwadala ankalandidwa mphamvu zake zonse. Osewera ena ankagwiritsa ntchito malamulowa polamulira anzawo, ndipo Paladin ndi Thief ankangokhalira kukangana.

Masiku ano mphamvu za Paladin zimachokera ku lumbiro limene wasankha, kaya lodzipereka, lobwezera kapena loteteza kukongola kwa moyo, ndipo lamulo la khalidwe linachotsedwa. Ndi kalasi yamphamvu ndithu: amachiritsa pongosanjika manja, amawonjezera moto wopatulika pa lupanga lake, ndipo kuyambira levulo 6 aliyense woima pafupi naye amatetezeka ku matsenga ndi poizoni mosavuta. Amayenera munthu amene amasangalala mtengambali wake akakumana ndi chisankho chovuta pakati pa lumbiro ndi abwenzi.

Ndinamva kuti Ranger ndi Monk ndi zofooka. Kodi ndizipewe?

Dandauloli lili ndi maziko. Ranger wa 2014, mlenje ndi mlondola njira, poyamba anali ndi maluso ogwira ntchito pa mtundu umodzi wa adani ndi malo amodzi amene wasankha, moti wosankha nkhalango ankasowa chochita nkhani ikalowera mumzinda. Kampani yomwe inavomereza kuti osewera sanakhutire, n'kutulutsa Ranger wokonzedwanso mu 2016, maluso ena olowa m'malo mu 2020, ndi kusinthanso kwina mu 2024. Monk, womenya ndi manja, amathamanga kwambiri ndipo kuyambira levulo 5 akhoza kuumitsa mdani thupi, koma mphamvu zake zimatha msanga gulu likapanda kupuma.

Kusiyana kumeneku kumaoneka kwambiri kwa anthu owerengetsera manambala kuposa kwa anthu ongosewera. Ngati mukufuna Ranger, funsani mtsogoleri kumene nthano yake idzachitikire musanasankhe malo ndi adani.

Bard ndi Druid amayenera anthu otani?

Bard ndi woyimba ndi mlakatuli amene matsenga ake ali m'mawu, ndipo amapatsa mnzake dayisi yowonjezera pomulimbikitsa. Amayenera munthu wokonda kuyankhula ndi mafumu ndi amalonda a m'nthanomo, koma simukakamizidwa kuyimba patebulo. Druid kuyambira levulo 2 amasanduka nyama, ndipo zimenezi zimafuna kuti wosewera asunge mapepala a nyama zingapo pambali pa matsenga ake, choncho ndi kalasi yofuna munthu wadongosolo.

Kodi gulu liyenera kukhala ndi wankhondo, wansembe, wamatsenga ndi kathyali?

Kagawidwe kameneka n'kakale ndipo kamagwira ntchito, koma si lamulo. Kuchiritsa kumapezekanso kwa Bard, Druid, Paladin ndi Ranger, komanso aliyense amabwezeretsa mapointi ena a moyo akapuma ola limodzi. Loko amene Rogue akanatsegula mwakachetechete, Barbarian amaswa ndi nkhwangwa, kungoti alonda amamva. Chimene chimavuta ndi pamene anthu awiri akulimbirana ntchito imodzi, monga Bard ndi Warlock onse kufuna kukhala oyankhulira gulu. Mukamapanga atengambali muli limodzi, zotere zimaoneka msanga.

Kodi n'zoona kuti amatsenga amaposa ankhondo akafika pa malevulo apamwamba?

Kwakukulukulu n'zoona, ndipo nkhaniyi yakhala ikukambidwa kuyambira kale. Wankhondo akamakwera amangowonjezera pa zimene ankachita kale, pamene wamatsenga amapeza zinthu zamtundu wina: kuuluka, kufika kutali m'kuphethira kwa diso, kuukitsa akufa, ndipo pa levulo 17 Wizard akhoza kuphunzira Wish, tsenga limene limasintha zinthu malinga ndi chokhumba chake. Malamulo a 2008 anayesa kuthetsa kusiyanaku popatsa makalasi onse maluso okonzedwa mofanana, koma osewera ambiri anadandaula kuti makalasi ayamba kufanana kwambiri.

Mankhwala ake ali m'manja mwa mtsogoleri. Matsenga amatha, pamene dzanja la Fighter silitha. Gulu likamamenya nkhondo imodzi patsiku n'kukagona, Wizard amakhuthula mphamvu zake zonse nthawi imodzi ndipo ena amangoonerera, koma likakumana ndi zovuta zingapo lisanagone, kufunika kwa wankhondo kumaoneka. Komanso magulu ambiri amamaliza nthano zawo asanafike pa malevulo amenewa.

Kodi ndingaphatikize makalasi awiri?

N'zotheka ngati mtsogoleri wavomera. Mtengambali amayenera kukhala ndi nambala 13 kapena kuposerapo pa luso lalikulu la kalasi imene ali nayo komanso la imene akulowa. Anthu amakonda kuphatikiza Paladin ndi Sorcerer kapena Warlock chifukwa onsewa amadalira luso limodzi lokopa anthu. Mtengo wake ndi kuchedwa: monga taonera pa mafunso a Fighter ndi Wizard, levulo 5 ndi pamene makalasi ambiri amalandira mphamvu zazikulu, ndipo amene wagawa malevulo ake amafikapo anzake atadutsa kale. Kwa woyamba kumene, nthambi za m'kalasi momwemo n'zokwanira, monga Eldritch Knight, amene ndi Fighter wodziwa matsenga pang'ono. M'malamulo a 2024 makalasi onse amasankha nthambi pa levulo 3.

Kodi masewera ena a mtunduwu alinso ndi makalasi omwewa?

Pathfinder, imene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2009, ili ndi makalasi ofanana kwambiri chifukwa inamangidwa pa malamulo a Dungeons & Dragons a chaka cha 2003. M'buku loyambira la malamulo ake achiwiri a 2019 munalowa Alchemist, katswiri wosakaniza mankhwala ndi mabomba, ndipo malo a Paladin anatengedwa ndi kalasi yotakasuka yotchedwa Champion. Palinso masewera opanda makalasi n'komwe. Mu RuneQuest ya 1978 mtengambali amakula pa luso limene waligwiritsa ntchito, moti wogwira lupanga kawirikawiri ndiye amakhala katswiri wa lupanga, ndipo mu GURPS ya 1986 wosewera amapatsidwa mapointi oti agulire maluso amene akufuna. Masewera amenewa amayenera munthu amene mtengambali wa m'maganizo mwake sakukwana m'kalasi iliyonse, monga sing'anga wa zitsamba amene amadziwanso kuponya mivi ndi kuwerenga nyenyezi, ngakhale kuti kupanga mtengambali wotere kumatenga nthawi yaitali kuposa kungosankha dzina limodzi pa mndandanda wa makalasi 12.